Khutu la a Shamroz ndi Siliva Wosalira

A Shamroz sakhala pansi. Zaka zisanu zatha chitsegulireni kashopu kanga mumsewu wa osula siliva ku Andar Shehr, msika wakale wa pakati pa mzinda wathu, koma sindinawaonepo atamaliza kapu ya tiyi ali chikhalire. Amamwa chiimire, phazi limodzi lili kale panjira, ndipo kapuyo mumakaipeza pakhonde la shopu yachitatu kuchokera pomwe munawapatsira. Tonse timawatchula a Chacha, kutanthauza amalume, ngakhale mumsewu muno mulibe m'bale wawo ndi mmodzi yemwe. Alibe shopu, alibe chikwangwani, sadziwa kuwerenga. Chuma chawo ndi khutu lakumanja, mwala wakuda wathyathyathya wokwana m'thumba la wesikoti, ndi kambaniro kachitsulo.

Munthu akabwera ndi makobidi akale ofuna kugulitsa, mwini shopu amangosuzumira panja n'kufunsa mnzake kuti a Chacha adutsa liti. Uthenga umayenda pakamwa pakamwa mpaka kuwapeza. Akafika amaika khobidi pansonga ya chala, kuligogoda ndi linzake, kenako kuliponya pamwala paja. Siliva wodindidwa ndi nyundo kapena makina amalira motalika, ngati sakufuna kuleka. Wosungunulidwa n'kuthiridwa m'chikombole amangoti thi, basi. A Chacha amanena liwu limodzi: "Lamoyo," kapena "Lakufa." Lakufa amalipinda kapena kulithyola ndi kambaniro pomwepo, pakuti mwambo wa msewu uno ndi wakuti khobidi lachinyengo lisatuluke lathunthu kukanamiza wina. Akakhala ambiri amathyola limodzi kuti likhale umboni, ndipo wobwera nawoyo palibenso amene amamugula kanthu. Pa liwu limodzilo mwini shopu amawapatsa kangachepe ndi tiyi. Ndi momwe adyera zaka makumi anayi. Wogula wochokera ku Lahore safunsa risiti, amafunsa ngati a Shamroz analimva, chifukwa m'zaka zonsezo sanabwezepo mawu awo.

Anthu amati khutu limenelo anabadwa nalo. Iwo anandiuza zina tsiku lina tikuyenda, pakuti nkhani zawo zonse amakamba akuyenda. Bambo awo ankatunga madzi m'thumba lachikopa n'kumagulitsa m'mashopu. A Chacha ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, bambowo anawapereka kwa munthu wina amene anali ndi kachipinda kapamwamba kuseri kwa msika, momwe ankapangiramo marupiya a m'nthawi ya Angelezi. Ankadinda rupiya yeniyeni mumchenga wamafuta, mbali iyi ndi inayo, n'kuthiramo mtovu wosakaniza, kenako n'kupaka siliva pamwamba. A Chacha ndiwo ankathira, kupala m'mphepete ndi kudetsa ndi utsi. Rupiya yodindirayo inali ndi kachilema, kadzenje ngati kobayidwa ndi singano pansi pa chibwano cha mfumukazi. Ana ake onse ankabadwa nako.

Anagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi zinayi, mpaka tsiku la ukwati wa mlongo wawo, Gul Bano. Akuchimuna anabweretsa mkanda wa marupiya makumi awiri ndi imodzi, umene anagula atagulitsa njati yawo yoweta yamkaka. Mkandawo unayenda m'manja mwa abale kuti aliyense auyamikire, ndipo utafika kwa a Chacha anaupendeka pang'ono padzuwa. Marupiya khumi ndi anayi anali ndi kadzenje pansi pa chibwano. Sananene kanthu. Anadya mpunga wa ukwati, anavina nawo, ndipo m'mawa mwake sanakwerenso masitepe a kachipinda kaja. Mlongo wawo anamwalira akukhulupirira kuti pakhosi pake panali njati yathunthu.

Ine ndine munthu wa manambala, choncho ndinawawerengera. Marupiya khumi ndi awiri patsiku, masiku mazana atatu pachaka, zaka zisanu ndi zinayi: 32,400. Amene anawapeza n'kuwathyola ndi dzanja lawo mwina akwana zikwi ziwiri. Nditawauza anangoti otsalawo ndi amene sawalola kukhala pansi, n'kuwonjezera liwiro.

Dzina langa ndine Aimal, koma iwo amanditchula Magalamu, chifukwa cha sikelo yanga yamabatire. Ndili nayo, ndili ndi galasi lokulitsira, maginito ndi foni. Rupiya ya Angelezi imalemera magalamu 11.66, ndipo ndikaona nambala imeneyo mtima umakhala pansi. Iwo amati sikelo ndi khutu la anthu ogontha. Ine ndimati khutu silisiya umboni. Timanyozana choncho tsiku ndi tsiku, komabe sindinagulepo siliva kwa mlendo osawaitana, chifukwa khobidi limene sanalimve limavuta kugulitsa.

Lachiwiri lina m'nyengo yozizira, nthawi yophika nzimbe, panafika mlimi wamtali wofunda chofunda chaubweya chonunkha utsi. Anati ndi Sabz Ali, wochokera kumidzi ya ku Charsadda, ndipo wabwera mumzinda ndi matumba a shuga wa mibulu. Chiwaya chake chachikulu chophikira madzi a nzimbe chinali chitabooka pakati pa nyengo, ndipo ankafuna china nzimbe zisanaume m'munda. Anatulutsa kachitini ka fodya wapamphuno. Munali timakobidi khumi ndi kamodzi, lililonse ngati chikhadabo cha chala chachikulu, lakuda bii, mbali imodzi mutu wa mfumu yachigiriki yovala chisoti cha nkhondo. Anati agogo ake anawapeza m'kamphika pokumba ngalande yothirira, ambiri anagawira alendo, awa ndi amene anatsala.

Makobidi a mafumu achigiriki ndi odzaza m'mbale mumsewu muno, ndipo pa zana lililonse, zana lonse ndi feki. A Chacha anathyola mazanamazana, osalakwitsa. Komabe ndinawayeza. Loyamba 2.21, lachiwiri 2.30, lachitatu 2.18. Lenileni limayenera kukhala pafupi ndi 2.40, ndiye onse anali opepukirapo, koma lililonse mwanjira yake. A m'chikombole amakhala mapasa: kulemera kumodzi, chilema chimodzi, msoko m'mphepete pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana, ndi timabowo ta mpweya. Awa analibe msoko. Mfumu ina inatsetserekera kumanzere, ina inadulidwa chisoti, zilembo zinali zakuthwa, ndipo m'mphepete munali timing'alu tolowa mkati, ta nyundo. Ndinatuma uthenga.

A Chacha anafika anthu atasonkhana kale, pakuti kachitini ka mlimi kamaitana anthu kuposa ng'oma. A Haji Tila, eni shopu yaikulu yoyang'anizana ndi yanga, anaoloka msewu mikanda yopempherera ili m'manja.

"Magalamu, wawayeza kale ana akowa?" anafunsa a Chacha.

Ndinati ndawayeza, ndipo ndinayamba kutchula manambala. Anandiletsa ndi dzanja. Anaika loyamba pachala n'kuligogoda. Zii. Analigwetsa pamwala, ndipo linangoti phu ngati nyemba. Anayesa lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi.

"Lakufa."

Kambaniro kanangofinya pang'ono. Khobidi linathyoka pakati ngati bisiketi, ndipo mkati mwake munali moyera, mwa timibulu tonyezimira. Ndinaona dzanja la a Chacha likuima pang'ono m'malere, koma anthu anali atayamba kale kuseka.

"Shuga wanu uja ndi ameneyu, akulu?" anatero a Haji Tila. "Kwanuko mwayamba kuphika ndi mafumu omwe?"

Sabz Ali anatola khumi otsalawo limodzilimodzi, kutseka kachitini, n'kuyang'ana a Chacha.

"Agogo anga sanali wakuba," anatero motsitsa mawu. "Inenso ayi."

Anthu anamupatukira njira ngati wonyamula matenda. Zidutswa ziwiri zija anazisiya pagalasi langa.

Tsiku limenelo ine ndiye ndinalephera kukhala pansi. Mtovu umapindika, suthyoka chonchija. Mtovu ukaukhula papepala umalemba, ichi sichinalembe. Ndinajambula pothyokapo kudzera m'galasi lokulitsira n'kutumiza kugulu la osonkhanitsa makobidi la pafoni. Isanakwane nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, mphunzitsi wina wopuma ntchito anandiyankha. Anati siliva akagona zaka zikwi ziwiri m'nthaka yonyowa yamchere, mkuwa wochepa umene uli mkati mwake umatsukuluzika, chitsulo chimasanduka timibulu, chimapepuka, chimafooka, ndipo sichiliranso. Anati khobidi lotere usaligwetse ngakhale pamkeka. Anamaliza ndi funso lakuti ndi chitsiru chiti chimene chalithyola.

Mumsewu mwathu siliva amachokera m'mabokosi a agogo ndi m'mikanda ya akwati. Wotere amalira. Wa m'nthaka weniweni amapita kwa amalonda akuluakulu a m'nyumba zosanja, amene saitana munthu woyenda pansi ndi mwala m'thumba. Zaka makumi anayi a Chacha anali asanagwirepo siliva wodwala chotere.

Ndinawapeza kumapeto kwa msewu akukangana ndi wogulitsa makangaza. Sindinawafotokozere zambiri, ndinangowapempha kuti tipite limodzi kwa woyenga siliva. Sanafunse chifukwa, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti nawonso chinali chikuwadya. Woyengayo anadontheza asidi pachidutswa chimodzi. Pa mkuwa ndi zitsulo zachabe dontholo limabiriwira. Apa linayera ngati mkaka. Anaseka n'kunena kuti siliva ameneyu ndi wabwino kuposa wa m'makutu mwa mkazi wake, ndipo anafunsa komwe tamupeza.

A Chacha anatuluka n'kuyamba kuyenda. Ndinawatsatira kudutsa kwa ogulitsa nsalu, kwa osoka nsapato, kuzungulira nsanja ya wotchi, kubwereranso. Mwala uja ankautulutsa m'thumba n'kuubwezera, kuutulutsa n'kuubwezera. Ulendo wachiwiri wozungulira anati dzanja linawauza pamene linkafinya, koma pakamwa panali patalankhula kale.

Zimene ndinanena kenako sindinyadira nazo, koma ndizilemba. Ndinali nditawerengera kale. Makobidi khumi, lililonse marupiya osachepera zikwi makumi awiri kwa wogula wodziwa. Mlimi amene wauzidwa pagulu kuti ndi feki akhoza kuthokoza atapatsidwa zikwi zisanu pa onse. Ndinadzichititsa manyazi pang'ono, ndiye ndinakweza: ndikamupatse mtengo wa chiwaya chathunthu, ndinene kuti ndikufuna zokongoletsera shopu. Iye apeza chiwaya, ine ndipeza poyambira, ndipo mumsewu palibe adzadziwe kuti khutu linaphonya. Woyengayo sitinamuuze kanthu. Ndinaona ngati ndi nzeru yokomera aliyense.

A Chacha anaima. Anthu anatigunda kumbuyo.

"Unali ndi anthu angati pashopu pako m'mawa?"

"Mwina makumi awiri."

"Anthu makumi awiri anamva kuti munthu uja ndi wakuba. Iwe ukuti timugulire chiwaya."

Ndinawauza zoona zake. Mashopu amawaitana chifukwa sanalakwitsepo. Akanena poyera kuti analakwitsa, a Haji Tila adzakhala oyamba kuleka, ndipo kumene a Haji Tila alowera, theka la msewu limatsatira. Pa msinkhu wawo adzadya chiyani?

"Masamu amenewo ndikuwadziwa, Magalamu, ngakhale ndilibe sikelo," anatero. "Ndinakhala chete tsiku la ukwati wa Gul Bano. Mpunga unali wokoma, aliyense anasangalala. Kachiwiri sindingathe."

Anayambanso kuyenda, ulendo uno kuloza kumsika wa shuga. Tinafunsa kwa ogula a pikulitsa mmodzimmodzi za mlimi wamtali wa chiwaya chobooka. Wachisanu ndi chiwiri anamudziwa, anatchula mudzi, n'kutiuza potsikira.

M'mawa mwake ndinatseka shopu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pakati pa sabata. M'minibasi munali malo, koma a Chacha anakhala mphindi zisanu zokha n'kupempha kondakitala kuti asinthane. Ulendo wonse anaima pachitsulo chakumbuyo, mphepo yozizira ikuwomba ndevu zawo, ine ndikuwayang'ana pazenera n'kumawerengera ndalama zimene ndataya potseka shopu, kenako n'kumadzikalipira chifukwa chowerengera.

Tinapeza Sabz Ali pang'anjo yake m'mphepete mwa munda. Chiwaya anali atachimata ndi dongo, ndipo madzi a nzimbe ankadontherabe pamoto n'kumanunkha chopserera. Atatizindikira nkhope inauma, koma mlendo ndi mlendo. Anatikokera bedi lazingwe, anaitanitsa tiyi, anatiswera shuga wotentha. Abale ake atatu anasiya ntchito n'kuima chapatali, manja kumbuyo. Ine ndinakhala. A Chacha sanakhale. Anavula chipewa chawo, kuchiika pansi pamapazi a Sabz Ali, n'kuika mwala wakuda uja pamwamba pake.

Chipewa cha munthu waimvi sichigona m'fumbi mwini nyumba akuona. Sabz Ali anawerama msanga, anachitola, anachikuntha n'kuchibwezera pamutu pawo ndi manja awiri. Munthu wobwera pakhomo pako chotero sungamukanize chikhululukiro, ngakhale mtima ukadali wowawa. A Chacha anafotokoza mwachidule: makobidi ndi enieni, akale kuposa chilichonse chimene anagwirapo, khutu lawo ndi limene linanama, ndipo akumupempha abwere Lachisanu kuti akabweze mawu awo pomwe anawanenera. Sabz Ali anayang'ana abale ake, n'kunena kuti usiku wonse sanagone poganiza mmene adzaloweranso mumzinda. Kenako anatumiza mawu kunyumba kuti kachitini kabwere.

Anakatsegula akumwetulira koyamba. Anati mayi a kunyumba sanavomereze kuti agogo ananama. Iwo anati siliva sangalire atatsekeka pakamwa ndi litsiro la zaka zonsezo, ndiye anatenga phulusa, mandimu ndi mchenga, monga amachitira ndi zibangili, n'kuyamba kutsuka. Anali atamaliza anayi.

Anayiwo ankawala ngati supuni zatsopano. Mphuno za mafumu zinali zitafafanizika, zilembo zitasalala, ndipo limodzi linali litabenthuka m'mphepete. Mtundu wakuda uja, umene zaka zikwi ziwiri zinaupaka ndipo osonkhanitsa amaulipira, unali utapita ndi madzi otsukira. Ndinagwira kachitini n'kuwayang'anitsitsa. Sabz Ali anafunsa ngati sakuoneka bwino tsopano. Ndinayang'ana a Chacha kuti andithandize, koma iwo anati manambala ndi anga, ndinene ndine. Ndinamuuza kuti otsukidwawo tsopano sangafike ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wawo. Sabz Ali anatuma mawu ena mofulumira kuti phulusa lija litayidwe, ndipo anati nkhani ya mtengoyo isalowe m'nyumba, chifukwa amene anatsukawo ankateteza dzina la agogo.

"Limodzi ndinapha ndi dzanja," anatero a Chacha pobwerera, "anayi ndinapha ndi pakamwa."

Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, msewu wathu umadzaza kuposa nthawi ina iliyonse. A Chacha anakwera pasitepe ya shopu yanga, Sabz Ali ali pambali pawo atavala zoyera, ndipo anagogoda mwala ndi kambaniro mpaka anthu anatembenuka. Aka kanali koyamba msewu wathu kuwaona ataima malo amodzi osasuntha phazi.

"Lachiwiri ndinati makobidi a munthu uyu ndi akufa. Ndi amoyo. Siliva wa m'nthaka salira, ine sindinkadziwa. Ndinathyola khobidi lenileni ndipo ndinanyazitsa munthu wolungama. Amene anamva zija amvenso izi."

Kenako a Haji Tila anafunsa, mokoma ngati akufunsa za umoyo wa ana, kuti nanga mwa mazanamazana amene a Chacha anathyola m'shopu mwawo zaka zonsezi, angati anali ongodwala pakhosi. Ena anaseka. A Chacha anati sakudziwa, akuganiza kuti palibe, koma sangalumbire. Yankho limenelo ndi limene linawapweteka kuposa kulakwitsa kwenikweniko, ndipo ndinaona mitu ikugwedezeka. Komabe a Haji Tila, poti anthu ankawayang'ana, anaoloka msewu n'kugwira Sabz Ali chanza ndi manja awiri. Ena anatsatira.

Malonda tinapangana ndi Sabz Ali m'shopu mwanga, manja athu atabisika pansi pa chofunda chake, zala zikukambirana mtengo kuti ongoonerera asamve. Anandifinya zala mwamphamvu, munthu wozolowera kugulitsa shuga. Ndinagula onse khumi pa mtengo woona, ndipo zinanditengera pafupifupi zonse zimene ndinali nazo. Chiwaya anagula, chocheperapo kuposa chimene ankafuna. Zidutswa ziwiri zija, chimodzi anatenga, china anaika m'dzanja la a Chacha n'kulifumbatitsa.

Ndinawerenga mashopu. Amene ankaitana a Chacha anali makumi atatu ndi imodzi. Patatha mwezi anatsala khumi ndi awiri. A Haji Tila anagula makina oyezera zitsulo okhala ngati mfuti, ndipo amawaonetsa aliyense wodutsa. Nawonso opanga feki ali ndi makutu: pasanathe milungu itatu kunayamba kubwera anthu ofunda zaubweya ndi timakobidi topakidwa matope, akulumbira kuti ndi a m'ngalande ya agogo, n'chifukwa chake salira. Pa amenewa mwala ulibe ntchito. A Chacha tsopano amayamba ndi funso: "La m'bokosi kapena la m'nthaka?" Akati la m'nthaka, mwala sutuluka m'thumba. Amamutenga munthuyo n'kubwera naye kwa ine, ndipo ndimafufuza msoko, timabowo ndi mapasa, iwo akuzungulirazungulira pakhomo n'kumandifunsa ngati sikelo yagona. Ndinayesa kuwaphunzitsa galasi lokulitsira, koma amati limawachititsa chizungulire. Wesikoti yawo yayamba kuwakulira. Ndikawapatsa zambiri kuposa za mwambo, amabweza zapamwambazo pagalasi osalankhula.

Asanu ndi limodzi osatsukidwa aja ndinagulitsa anayi kwa mphunzitsi uja ndi anzake, ndipo ndi amene anandiyambitsa kudziwika kunja kwa msewu uno. Chaka chamawa, Mulungu akalola, ndikufuna kubwereka chipinda chapafupichi kuti ndikulitse shopu. Ndawauza a Chacha kuti mudzakhala mpando wawo. Anandifunsa ngati ndikufuna kuwapha.

Sabata yatha kunabwera telala wina wa kuseri kwa mzikiti ndi marupiya asanu ndi anayi a Angelezi, ochotsedwa pamkanda wa malemu mayi ake. Ndinali ndi changu, wogula wina akundidikira pafoni. Ndinawayeza mothamanga: 11.60, 11.58, 11.63, onse m'malire a kutha kwa zaka. Maginito sanagwire ngakhale imodzi. Ndinawakokolola kuti ndiwaike pamodzi, ndipo anagundana pagalasi. A Chacha ankadutsa panja, akupita kwina. Anabwerera chambuyo masitepe atatu.

Anapatula imodzi osayang'ana n'komwe, anaiika pachala, anaigogoda. Thi. Anaigwetsa pamwala. Thi. Kambaniro kanali kale m'dzanja, koma sikanatseke. Anthu awiri atatu anali ataima pakhomo, kudikira liwu.

"Magalamu, tayang'ana pansi pa chibwano."

Ndinaika galasi. Kadzenje kanali pomwepo, kakang'ono, kozungulira bwino, ngati kobayidwa ndi singano dzulo. Ndinagwedeza mutu.

"Lakufa," anatero. Kenako anatembenukira kwa oima pakhomo aja. "Koma bambo awa alibe mlandu, ndipo mayi awo anagula ndi mtima woyera. Amene anapanga iyi ndimamudziwa. Enawa ndi amoyo, agulidwe."

Anaipinda pakati n'kuiponya m'thumba momwe muli chidutswa cha mfumu yachigiriki. Telala anafuna kudziwa wopangayo kuti akamuonetse zakuda, koma a Chacha anati munthuyo akulangidwa kale, amusiye. Ndinawathirira tiyi. Anamwa kawiri, anafunsa ngati pa nambala yanga ija ya marupiya awo ndachotsapo imodzi, ndipo ndisanayankhe anali atafika kale pa wogulitsa makangaza. Kapu ndinakaitenga madzulo pakhonde la a Haji Tila.